Mphini za Soi pa Msana wa Kham

Kankhirani chikuni icho mkati, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa ine nkhani sindibwereza. Iyi si yakuno ayi. Ndi yakutali kum'mawa, ku dziko la Van Lang, kumene mtsinje waukulu umayenda wofiira ngati katondo. Masiku amenewo kunkalamula mafumu a Hung, bambo kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu, onse dzina limodzimodzi, mpaka anthu anatopa kufunsa kuti amene ali pampando ndi Hung uti.

Anthu akumeneko ankamanga nyumba m'mwamba, pa mizati italiitali, n'kumakwera pa makwerero ngati nkhuku zikamakagona. Ankalima mpunga m'minda imene madzi ankalowa okha ndi kutuluka okha, ndipo ndiwo yawo inali nsomba. Koma mtsinjewo unali ndi eni ake. Dzina lawo lenileni linalipo, kungoti palibe amene ankalitchula phazi lili m'madzi. Ankangoti "apansi." Akuti kalekale apansiwo ankagubuduza mabwato ndi kumiza asodzi, mpaka mfumu ina ya Hung inalamula kuti aliyense wolowa m'madzi atemedwe mphini zonga mamba kumsana, kuti apansi akamuona aziti ndi m'bale wawo.

Tsono gwirani ichi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Apansi sayang'ana nkhope ya munthu, amangodziwa mphini. N'chifukwa chake aliyense ankatemedwa zakezake, ndipo akamwalira ankamuika m'chipika chosemedwa ngati bwato, n'kupita nazo mphini zakezo kuti apansi akamuzindikire ndi kumulandira. Kwa ine ndi inu mphini zonsezo zikanaoneka zofanana, mamba okhaokha. Ankadziwa kusiyana kwake ndi otema mphini basi.

Pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinjewo, wotema mphini anali mayi wina dzina lake Nhai. Msana woyamba umene anautema, akadali mtsikana, unali wa mchimwene wake Soi. Soi ameneyu anali wamanzere, wokonda kuimba mluzu popalasa, ndipo ankamutcha mlongo wakeyo Kankhanu chifukwa ali mwana akakwiya ankachoka chammbali. Malungo anamutenga Soi nyengo ya mvula, mosachedwa n'komwe. Pamaliro Nhai sanalire kwenikweni, moti anthu anati ndi wolimba mtima. Ine ndikuti ayi. Kulirako kunangotsikira m'manja n'kukhala chete kumeneko.

Patapita nthawi pamudzipo panabwera Kham, mwamuna wakumapiri, kudzasinthanitsa zikopa ndi mchere. Chinali chimunthu chachitali, chosachedwa kuseka, choopa madzi ngati mphaka. Kwawo mchere unali wosowa, ndiye akaupeza ankathira m'ndiwo mpaka mnzake kumugwira dzanja. Anamukonda Nhai, nakapereka phukusi la mchere kuchikazi monga mwa mwambo wakumeneko, ndipo akuti phukusilo analipereka mtima ukumuwawa. Anakwatirana, Kham n'kukhazikika pamudzi wa mkazi wake.

Pamudzi wa asodzi mkamwini sangangokhala pamtunda kumapitikitsa nkhuku. Anafunika mphini. Lamulo lake linali loti mphini zimatemedwa padooko, mwaye wake wosungunulidwa ndi madzi a mumtsinje momwemo, kuti apansi aone okha. Nhai anamukhazika mwamuna wakeyo pamchenga, natenga singano yake yamkuwa. M'mutu anali atakonza kale mphini zatsopano. Koma manja atangokhudza msana waukuluwo anatenga njira yakale imene ankaidziwa. Atafika pakati pa msana, Nhai anazindikira kuti akutema mphini za Soi.

Musati sanazindikire. Anazindikira bwinobwino, singano inaima kanthawi m'mwamba. Kenako anadziuza kuti Soi anapita kalekale, mphini zake anafika nazo, palibe chimene chingalakwike. Anapitiriza mpaka kumaliza. Mabala atapola, madzulo aliwonse ankamupaka mwamuna wake mafuta kumsana, pang'onopang'ono, osafuna kusiya. Kham ankangoti wapeza mkazi wachikondi kuposa amuna onse a pamtsinje.

Choyamba zinali nsomba. Munthu woti dzana lomweli ankakwera bwato chokwawa anayamba kubwera ndi nsomba zodzaza mpaka bwato kufuna kumira, pamene akatswiri akubwera ndi tiwiri titatu. Anthu ankaseka, amvekere wakumapiri wabwera ndi mwayi. Amene ankaseka kwambiri anali a Dang, amalume ake a Nhai, osunga ng'oma yamkuwa ya mudzi. A Dang maso anali atayamba kuchita mdima, koma fungo la nsomba yowotcha ankalimva ali kutsidya kwa mudzi, ndipo tsiku lililonse ankapezeka kuti akungodutsa pakhomo pa Nhai nthawi ya chakudya.

Kenako nkhafi ya Kham inasowa pansi pa nyumba pamene ankaisiya. Anaipeza m'mawa itazikidwa m'matope, ili chilili, pa chikhomo chakale chimene Soi ankamangirirapo bwato. Kham anati ndi ana achipongwe, naibweza. Mawa lake inali komweko. Galu wawo, amene ankagona pansi pa nyumba chibadwire, anasamukira kwa aneba ndipo ankati akaitanidwa n'kungogwedeza mchira ali patali.

Nhai ndiye anayamba kuona za makwerero. Kunja kuli gwaa, mvula osagwa, koma m'mawa popondera pamunsi penipeni pankapezeka ponyowa, pali ndere. Anapukuta osauza munthu. Patapita masiku, kunyowa kuja kunakwera popondera potsatira. Kenako potsatiranso. Panalibe phazi looneka, kungonyowa kokha, ndi kafungo ka matope a pansi pa mtsinje.

Kham nayenso anayamba kusintha. Tsiku lina anakankhira kumbali chigoba cha mchere, amvekere ndiwo zawawa. Nhai analawa, ndipo munalibe mchere ngakhale pang'ono. Thupi la Kham, limene linkatentha ngati mbaula, linayamba kuzizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Madzulo ena Nhai akupeta mpunga anamva mluzu ukuchokera kudooko, nyimbo imene anali asanaimve chimwalirire mchimwene wake. Lichero linamupulumuka. Atasuzumira anaona mwamuna wake akukocheza, nkhafi ili kumanzere.

"Nyimbo imeneyo mwaimva kuti?" anamufunsa atakwera m'nyumba.

"Nyimbo iti?" anatero Kham, akudabwa zenizeni. Anakhala pansi, nayang'ana mpunga womwazikawo. "Wataya mpunga bwanji, Kankhanu?"

Nhai anali asanamuuzepo dzina limenelo. Anagwada n'kuyamba kutola mpungawo.

M'mawa mwake analawirira kudooko kukatunga madzi. Nkhungu inali mbuu, moti tsidya silinkaoneka. Achule amene amasokosa nthawi imeneyo anali zii. Akuviika mtsuko, anaona mutu wa bwato ukutuluka m'nkhungumo, lalitali kuposa mabwato onse a pamudzi. Mabwato a amoyo kumeneko ankawajambula maso kutsogolo kuti aziona njira. Ili linalibe maso. Opalasa ake anali ndi nthenga zazitali kumutu ngati anthu ojambulidwa pa ng'oma yamkuwa, ndipo nkhafi zinkalowa m'madzi ndi kutuluka popanda kaphokoso. Nkhope zawo Nhai sanazione, komanso sanayesetse kuti azione.

"Mayi," anatero mawu kuchokera m'bwatomo, mawu aulemu ndithu, ngati a mlendo wofunsa njira. "Wathu uja mwakhala naye mokwanira. Madzi akadzadza m'minda mwezi ukakhwima, tidzabwera kudzamutenga Soi."

"Soi tinakupatsani kale," anatero Nhai. "Tinamuika m'bwato lake. Ndinaona ndi maso anga."

"Analidi ndi ife. Koma tsiku lina tinamupeza msana uli mbee, wopanda kanthu, ndiye tinadziwa kuti si iye. Tinamutsitsa. Soi weniweni tikumuona tsiku ndi tsiku akuponya ukonde, ndipo tikumudyetsa monga wathu."

Bwatolo linabwerera m'nkhungu chafutambuyo. Pamenepo m'pamene Nhai anaona kuti m'bango, madzi olekeza m'chiuno, mwaima munthu atamufulatira. Msana wake unali wosalala ngati wa khanda. Ankanjenjemera, manja atafungatira mapewa, akuyang'ana kumene bwato linalowera. Nhai ankaudziwa msana umenewo ngakhale wopanda mphini. Asanamuitane, nkhungu inatseka.

Mtsuko anausiya pomwepo, nathamangira kwa amalume ake. Anawapeza akutsuka m'kamwa pamwamba pa makwerero.

"Amalume, tiyeni mukagwire msana wa amuna anga."

"M'mawa uno? Nsomba zafika kale?"

"Tiyeni mukangogwira."

A Dang paunyamata wawo anatemako mphini, ndipo zala zawo zinkaonabe pamene maso analephera. Anamupeza Kham atakhala pakhomo akusoka ukonde, namusisita kumsana ngati moni wamasewera. Zala zinayenda kuchokera paphewa kutsika. Zitafika pakati zinaima. A Dang anachotsa dzanja ngati agwira mphika wamoto, namukokera Nhai kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, wachita chiyani?" ananong'ona. "Wavula wakufa n'kuveka wamoyo. Ndipo ine nsomba zimenezi ndakhala ndikudya tsiku ndi tsiku." Analavula pansi kangapo, nkhope itachita tsinya.

"Ndithawe naye kumapiri?"

"Kumapiri kulibe mitsinje? Samwa madzi kumeneko? Adzamupeza ngakhale m'chikho."

"Nanga tifafanize?"

"Mphini safafaniza, pokhapokha um'sende ngati mbuzi. Iwe ukudziwa zimenezi kuposa ine." Anakanda m'mutu, akuyang'ana kumtsinje mwamantha. "Chotheka n'kuwonjezera. Uteme zina pamwamba pake mpaka zisakhalenso za Soi. Koma paja mphini zimatemedwa padooko, eni ake akuona. Ndipo mwezi ukukhwima lero."

"Mudzandiimbira ng'oma, amalume. Ikamalira apansi amayenda pang'onopang'ono, munkatero nokha."

"Ndinkatero ndili kumtunda, nditakhuta," anatero a Dang. "Bondo langali silifuna chinyezi."

Anatembenuka kuti azipita kwawo. Asanafike n'komwe anamva kulira kwapansipansi kuchokera m'nyumba mwawo, ngati njuchi zili m'phanga. Inali ng'oma yamkuwa ija, ikung'ung'udza yokha, popanda woikhudza. A Dang anaima kakasi. Kenako anabwerera, amvekere aimba, koma aimbira pachulu, ndipo munthu asawapemphe kutsika ngakhale phazi limodzi.

Chovuta chinatsala n'kumuuza mwini msana. Nhai anadikira mpaka anaona kuti maso amene akumuyang'ana ndi a Kham, chifukwa tsiku limenelo ankati pena ndi iye, pena ayi. Anagwada pafupi naye, namuuza zonse, kuyambira singano ija itaima m'mwamba mpaka munthu wa m'bango. Kham anamvetsera osamudula. Ukonde unali pamiyendo pake.

"Ndiye madzulo onse aja munkandipaka mafuta," anatero pamapeto pake, motsitsa, "munkasisita ndani?"

Nhai anatsegula pakamwa, koma bodza linakana kutuluka. Anangozyolika. Zinamupweteka kuposa akanamumenya, ndipo Kham naye zinamupweteka, munthu wosazolowera kukhumudwa.

"Chabwino," anatero Kham. "Ine kufa sindikufuna, makamaka kufa ndi dzina la mwini. Mutenge chingwe cholimba. Miyendo yangayi kuyambira dzulo ikungofuna kumadzi, ndipo sikundifunsa."

Dzuwa litapendeka anatsikira kudooko. Anthu a pamudzi, amene anali atamva kale monga mudziwa mmene nkhani imayendera, anakweza ana ndi agalu m'nyumba n'kukoka makwerero. Nhai anamumangirira mwamuna wake pa chikhomo chakale cha Soi, atakhala pansi, nkhope kumtunda, msana kumtsinje. Anasungunula mwaye m'chigoba ndi madzi ofiira aja. Kuchulu a Dang anayamba kuimba ng'oma, ndipo kunena zoona kuimba kwake kunali kodukaduka.

Nhai anakweza singano, n'kuima. M'mutu munalibe chilichonse. Mphini za munthu zimachokera pa munthuyo, kwawo, zimene anaona, zimene amakonda. Iye anazindikira kuti chikwatiwire sanamufunsepo mwamuna wake za kumapiri. Ankangodziwa kuti amakonda mchere.

"Amuna anga," anatero, manyazi atamugwira, "kwanu kuli chiyani?"

Kham anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Mwafunsa mochedwa, akazi anga. Kuli phiri. Nyumba ya amayi ili pamsana pake, moti m'mawa mitambo imakhala pansi pathu."

Nhai anatema mzere wa phiri kudutsa pamapewa, pamwamba pa mamba a Soi. Magazi anatuluka, iye n'kupaka mwaye. Madzi anali atayamba kukwera. Anafika pa zala za kumapazi, ozizira kuposa madzi a mtsinje umenewo. Nkhungu inabwera kuchokera pakati pa mtsinje, ngakhale sinali nthawi yake, ndipo achule anasiya kulira onse pamodzi.

"Chinanso?"

"Mbawala za nyanga zanthambi. Yoyamba kuiona ndinali ndi bambo, ndipo ndinakana kuilasa. Anandiseka chaka chonse." Mawu ake anayamba kuchedwa. Mutu unagwa, n'kudzukanso. "Kankhanu, masula chingwechi. Anzanga afika."

"Sindikulankhula ndi inu, achimwene," anatero Nhai, misozi ikutsika. "Ndikulankhula ndi amuna anga. Kham, amayi anu dzina lawo ndani? Amaphika chiyani mukapita?"

Thupi lija linakoka chingwe mpaka chikhomo kulira. Kenako mawu a Kham anabwerera, akutali ngati a munthu ali m'dzenje, akutchula dzina la amayi ake, ndi mphukira za nsungwi zimene ankaphika, ndi mtsinje waung'ono umene ankauwoloka polumpha. Nhai ankatema uku akufunsa, funso pamwamba pa funso, osampatsa mpata woti akhale chete. Nyanga ya mbawala inamera kuchokera pakati pa msana n'kutambasula nthambi zake kudula mamba amene iye anawakonda zaka zonsezi. Nthambi iliyonse inkafuta Soi pang'ono, ndipo iye ankaona zimenezo ndi maso ake.

Madzi anafika m'chiuno. Chigoba cha mwaye anachigwira ndi mano kuti chisatengedwe. Sanatembenuke, koma anadziwa kuti bwato lafika, chifukwa kumsana kwake kunazizira ndipo kafungo ka matope kaja kanadzaza ponseponse. Kuchulu ng'oma inadodoma, n'kusiya, n'kuyambanso mothamanga.

Kenako pafupi ndi dzanja lake panabwera dzanja lina. Sindikuuzani mmene linalili, chifukwa Nhai mwiniwake sankafuna kunena. Ankangoti linali lonyowa, ndipo zala zake zinali zazitali. Zalazo zinakhudza phewa la Kham n'kuyamba kutsata mamba, monga anachitira a Dang m'mawa. Zinatsika pang'onopang'ono, zikudziwa njira. Nhai anali asanamalize nthambi yomaliza. Analuma chigoba chija, nabaya, nabayanso, dzanja lake ndi linalo zikuyandikana, mpaka zinagundana pakati pa msana.

Zala zija zinaima pa nyanga. Zinabwerera m'mwamba, n'kupeza phiri. Zinatsikanso, zikufufuza uku ndi uku. Kunali zii, ngakhale a Dang anali atasiya kuimba.

"Uyu si Soi," anatero mawu aulemu aja.

Panadutsa kanthawi, ngati akufunsana okhaokha.

"Koma mamba ali nawo," anatero mawu ena chakumbuyo kwa bwato.

"Ali nawo. Ndi mkamwini. Musiyeni azisodza."

Dzanja lija linachoka. Nhai anamva bango likuphwanyika chakumanzere, ndipo pamenepo anatembenuka. Munthu uja anali kuyenda m'madzi kulowera kubwato, atamufulatirabe. Msana wake sunalinso mbee. Mamba onse anali pamenepo, akuda bii, mzere uliwonse pamalo pake monga anautemera ali mtsikana. Manja anatambasuka kuchokera m'bwato n'kumukweza. Wina anamupatsa nkhafi, iye n'kuisinthira kumanzere. Nhai anayembekeza kuti atembenuka ngakhale kamodzi. Sanatembenuke. Koma bwato litalowa m'nkhungu, kunamveka mluzu, wosathamanga, wa munthu amene akupita kwawo.

Apa m'pamene Nhai analira maliro a mchimwene wake. Analira mokweza, atakhala m'madzi, kulira konse kumene anakusunga m'manja. Madzi anayamba kuphwa, nkhungu inang'ambika, mwezi n'kuonekera uli wathunthu pamwamba pa minda. Chule mmodzi anayesa mawu, anzake n'kumulandira.

"Akazi anga," anatero Kham patapita nthawi, "lirani ndithu, sindikukuletsani. Koma chingwechi mwamanga ngati mukumanga njati."

Nhai anaseka misozi ili m'masaya, namasula mfundo zala zikuterereka. Atagwira mkono wa mwamuna wake anapeza ukutentha. Anaugwiranso kuti atsimikize, nagwira khosi, nagwira pamphumi, mpaka Kham anafunsa ngati akusankha nkhuku yogula. A Dang anatsika pachulu madzi ataphweratu, akufotokoza mmene anawaopsezera apansi ndi ng'oma, ndipo palibe amene anali ndi mphamvu zowatsutsa. Makwerero anayamba kutsitsidwa nyumba ndi nyumba. Amayi ena anabwera ndi nsalu youma, ena ndi phala lamoto. Kham analawa phalalo, nakwinya nkhope.

"Pamudzi pano mchere unatha?" anafunsa.

Anamubweretsera chigoba chonse, ndipo tsiku limenelo palibe anamugwira dzanja.

M'mawa makwerero anali ouma kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nkhafi inali pamalo pake, galu atagona pambali pake ngati sanachokepo. Kham anapita kukasodza n'kubwera ndi tinsomba tosakwana ndi mphika womwe, chifukwa kunena zoona usodzi sankautha, ndipo sanauthe mpaka kukalamba. A Dang anadandaula za nsombazo moyo wawo wonse, amvekere mwina akanangosiyako mamba angapo osakhudza. Koma ku nyumbako sanasiye kudutsa.

Pakati pa awiriwo zinthu sizinapole tsiku limodzi ayi. Kham ankaseka ndi anthu panja, koma m'nyumba ankagona atayang'ana kukhoma, ndipo mabala akumsana ankapempha a Dang kuti amutsuke. Nhai sanakakamize. Ankangofunsa mafunso, lero limodzi, mawa limodzi, za phiri lija, za bambo ake, za mmene amatcherera misampha. Poyamba mayankho anali afupiafupi. Kenako anayamba kutalika, mpaka tsiku lina mpunga unapserera pamoto Kham akufotokoza za nguluwe imene inamukweza mumtengo.

Mabala atapola, madzulo ena Kham anatenga yekha nsupa ya mafuta, naiika pafupi ndi mkazi wake, n'kukhala pansi momufulatira. Nhai anathira mafuta m'manja. Msana umene unali patsogolo pake sunali wokongola. Mizere inali yokhotakhota, yotemedwa mothamanga ndi munthu woluma chigoba, nyanga ina yaitali kuposa inzake. Manja ake sankaidziwa njira yake, moti anayenda pang'onopang'ono, akuphunzira.

"Mukusisita ndani?" anafunsa Kham, osatembenuka.

"Mwamuna wina wakumapiri," anatero Nhai. "Wosatha kusodza, womaliza mchere. Sindinamudziwe bwino, koma ndayamba."

Kham anangotsitsa mapewa, n'kutsamira m'manja mwake.

Yathera pamenepo. Amene akupita kukatunga madzi m'mawa adikire nkhungu iyambe yachoka.